Kang'ona pa Waya wa Chithunzi

Amuna anga anali okonza mawailesi ndi ma TV pa boma la Nkhotakota. Shopu yawo inali chipinda chakumaso kwa nyumba yathu, chitseko chake choyang'ana kumsewu wopita kumsika. Ine ndinkagulitsa mpunga pakhonde pomwepo, woyeza ndi mbale. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, ndipo zaka zonse za ukwati wathu mushopumo ndinkalowamo posesa pokha. Ngakhale posesapo ankandiuza kuti ndisataye kanthu kalikonse kogwa pansi mpaka iwo atakaona.

Manja awo anayamba kunjenjemera pamene matenda a shuga anawakulira. Ndinayamba kuona pomwa tiyi, kapu ikugogoda mano. Tsiku lina m'mawa anandiitana.

"Mayi, talowani kuno. Kankhani chitsekocho."

Patebulo panali wailesi yotsegula. Chowotchera waya chinali m'dzanja lawo, nsonga yake ikuvina pamwamba pa bolodi ya tizipangizo ta m'kati osafika pamene ankafuna.

"Manja anuwo amatola timiyala mumpunga," anatero. "Angalephere kugwira waya?"

"Mukufuna magetsi andiphe kuti mukwatire wina?"

"Angandifune ndani ine, nkhalamba yotaya tiyi pamalaya? Khalani apa."

Kuyambira tsiku limenelo manja anali anga, mutu unali wawo. Iwo ankaloza, ine n'kugwira. Koma anandipangitsa kulonjeza chinthu chimodzi, kuti asadziwe munthu. Ankati munthu akabweretsa katundu wake amabweretsa kwa mmisiri amene akumudziwa, ndipo akadzamva kuti wailesi yake ikugwiridwa ndi mayi wa mpunga sadzabweranso. Choncho tinkagwira ntchito chitseko chili chokankha, ndipo wina akaodira ine ndinkatulukira kukhomo la kuseri n'kuzungulira pakhonde ngati ndikuchokera kotsuka mbale.

Chinthu chimene ankachikonda kuposa zonse mushopumo chinali makina oyezera otchedwa sikopu. Anagula akale kwa munthu wina wochokera ku Joni. Linali bokosi lolemera lokhala ndi kagalasi kumaso, ndipo pakagalasipo pankaoneka mzere wobiriwira umene unkavina potsatira magetsi a mu waya amene wagwiridwa. Linali ndi zingwe ziwiri. Chingwe chilichonse chinkathera pa kandodo konga bolopeni, ndipo pambali pa kandodoko panali kamchira kakuda kokhala ndi mano. Kamchirako tinkakatcha kang'ona. Kuseri kwa nyumba anakhoma chitsulo chachitali m'nthaka n'kuchilumikiza ndi sikopu, ndipo m'chilimwe ankandiuza kuti madzi otsukira mbale ndizithira pamenepo kuti dothi lisaume.

Ma TV amimba atayamba kutha, anthu anayamba kubweretsa opyapyala aja timawatcha pulazima. M'kati mwa pulazima muli lamba wa mawaya ang'onoang'ono wochokera pa bolodi kupita ku galasi. Chithunzi chimadutsa mmenemo. Tsiku loyamba kuti ndiuone lambayo anandiuza kuti ndiwerenge mawaya ake, ndipo ndinaona kuti amayenda awiriawiri, opotana.

"Mukukumbukira mmene munkasinjira ndi mng'ono wanu mumtondo umodzi?" anandifunsa. "Munsi wanu ukakwera, wake ukutsika. Awanso ndi choncho. Uyu akakwera uyu watsika, mofulumira kwambiri moti diso kapena mita yoyezera magetsi sizingaone. Chithunzi sichili mwa uyu yekha kapena mwa uyo yekha. Chili pa kusiyana kwawo."

"Nanga n'chifukwa chiyani sanangoika mmodzi?"

"Phokoso. Magetsi a panja akalowerera amakankha onse awiri mofanana, ndiye kusiyana kuja kumakhala komweko. Mmodzi yekha akanasokera."

Vuto linali lakuti sikopu yathu inali yachikale. Inkangodziwa kuyeza waya mmodzi poyerekeza ndi nthaka, chifukwa kang'ona kake kanali kolumikizika ndi chitsulo cha kuseri chija. Ankati alipo makina ena oyeza mawaya awiriwo nthawi imodzi, koma iwo anangowaona pa chithunzi. Ndiye anali ndi njira yawo. Tinkatenga tindodo tonse tiwiri, kena pa waya uyu, kena pa mnzake. Ting'ona tonse tiwiri tinkaluma chitsulo cha thupi la TV, pafupi kwambiri ndi pamene tikuyeza, chifukwa mchira ukatalika mzere uja umamera mafunde abodza. Zingwe zinkayenera kukhala zofanana kutalika, apo ayi waya wina amaoneka ngati wachedwa pamene sanachedwe. Kenako iwo ankatembenuza batani, sikopu n'kuchotsera wina kwa mnzake, pagalasi n'kutsala mzere umodzi. Ankavomera kuti makina awowo sangaone bwinobwino zonse zothamanga mmenemo, koma ankatha kuona ngati awiriwo ali moyo komanso ngati akusinja mofanana.

Lamulo lalikulu linali limodzi. Kang'ona kayambe kaluma chitsulo cha thupi, zina zonse pambuyo. Anandigwiritsa kuseri kwa dzanja pa chitsulo cha pulazima yoyaka kuti ndimve kunyerenyetsa kwake. Anati magetsi amenewo amangokhala m'thupimo kusowa kopita, ndipo kang'ona kakaluma chitsulo amatsikira kunthaka bwinobwino. Anandiuza kambirimbiri. Sindinganene kuti sindinamve.

Tinagwira choncho chaka ndi theka popanda chovuta.

Kenako kunabwera bambo wina wa ku Dwambazi, mwini shoo yoonetsa mpira. Anali wamng'ono kwa amuna anga, wolankhula mokweza, ndipo anali kasitomala wawo wakale. Anatsika minibasi atanyamula pulazima yaikulu yokulunga m'bulangeti.

"Madala, ndithandizeni. Mawu ali bwinobwino koma osewera onse abiriwira ngati abuluzi. Anthu akukuwira timu yolakwika, dzulo anatsala pang'ono kumenyana."

"Mwina timu yanu ikaoneka yobiriwira iyamba kuwina," anatero amuna anga.

"Inu sekani, koma Loweruka ndikuifuna."

M'mawa mwake tinaitsegula. Amuna anga anati akuganizira lamba uja, koma ankafuna kuyeza kaye asanagwire kalikonse. Popeza miyendo ya tizipangizo ta pa bolodi ndi yaing'ono zedi, anandiuza kuti ndiwotchererepo timawaya tiwiri tatifupi, kamodzi pa waya aliyense wa awiri oyamba, kuti tipeze pogwira. Ndinatero, n'kuyatsa TV. Apo ndi pamene tinaona kuti kandodo kamodzi kathyoka nsonga. Anati ali ndi kena m'sutikesi kuchipinda.

"Musagwire kanthu, ndikubwera."

Anakhalitsa. Ndinadzamva pambuyo pake kuti chizungulire chinawagwira, anakhala kaye pabedi. Ine ndinatsala ndikuyang'ana timawaya tiwiri tija ndi kandodo kamodzi kabwino m'dzanja langa. Panja mayi wina anali akuitana kuti akufuna mpunga. Koma sindinganamizire mayiyo. Chimene chinandigwira ndi maganizo akuti ndadziwa. Ndinati mumtima, mawaya ndi awiri, kandodoka kalinso ndi pakamwa pawiri, nsonga ndi kang'ona. Tikufuna kusiyana kwa awiriwa. Nanga tidikiriranji kandodo kachiwiri? Ndinaona ngati ndapeza njira yachidule imene amuna anga sanaiganize zaka zonsezi, ndipo ndinkafuna akabwera apeze mzere ukuvina kale.

Ndinaika nsonga pa waya woyamba. Kang'ona ndinakalumitsa pa waya wachiwiri.

Panamveka kaphokoso kakang'ono, tche, ngati kuthyola kachitsotso ka machesi. Osewera obiriwira aja anazimirira, galasi lonse n'kungoyera phulusa. Mawu anapitirira kulankhula. Pa sikopu mzere unagona osagwedezeka.

Amuna anga atalowa anaima pakhomo. Anayang'ana galasi, kenako bolodi, kenako kang'ona. Anabwera n'kukachotsa okha. Dzanja linkanjenjemera moti anayesa katatu.

"Kang'ona n'ka nthaka, mayi," anatero motsitsa mawu. "Sikadziwa kuti uyu ndi waya wa chithunzi."

Tinayeza mwa njira yoyenera, tindodo tiwiri, ting'ona pa chitsulo. Awiri oyamba anali chete. Enanso onse anali chete. Magetsi onyerenyetsa aja, posowa njira ina, anatsikira kunthaka kudzera mu waya wa chithunzi n'kuwotcha kachinthu kakuda ka miyendo yambiri kamene kamatumiza chithunzicho. Atasolola lamba uja anapeza kuti mano ake anangochita dzimbiri ndi chinyezi cha kunyanja. Ntchito yonse inali yopukuta ndi sipiriti basi.

Loweruka bambo uja anabwera. Ndinawauza amuna anga kuti angonena kuti bolodi inali itafa kale, palibe akanadziwa. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anatuluka n'kukaima pakhonde, pamene panali amayi atatu ogula mpunga ndi akabaza awiri opuma pamthunzi.

"Achimwene, TV yanu inali ndi vuto laling'ono. Ndaiwotcha ndine poyeza. Ndifuna bolodi ina, koma lero simuitenga."

Bamboyo anakuwa mpaka anthu a kumsewu anaima. "Ndinabweretsa wodwala chimfine, inu mukundibwezera maliro? Zaka zonsezi ndimati ndinu katswiri! Taonani manjawo, anthuni, taonani! Munthu wotere n'kumalandira katundu wa anthu? Ngati mwakalamba kakhaleni kumzikiti muziwerenga mikanda ya tasibihi!"

Amuna anga anabisa manja kumbuyo. Ine ndinali pansi pomwepo, pafupi ndi miyendo yawo, ndikudzaza mbale ya mpunga n'kukhuthula, kudzaza n'kukhuthula. Mayi amene ndinkamuyezera anachita kundigwira dzanja kuti zakwana.

Bolodi ina inapezeka kudzera mwa mnzawo wa amuna anga wa ku Lilongwe. Tinaiika, pulazima inabwerera ku Dwambazi ikuonetsa bwino pasanathe milungu iwiri. Koma nkhani inali itayenda kale m'maminibasi ndi pa kabaza. Anthu anayamba kubwera kudzatenga mawailesi awo osakonzedwa. Wina ankati mwana wake wabwera kuchokera ku tauni akonza yekha, wina ankati wasintha maganizo. Onse ankayang'ana manja. Mashelefu amene kale ankasowa malo anayamba kuoneka matabwa. Amuna anga ankatsegulabe shopu m'mawa uliwonse, kuvala malaya awo a ntchito, n'kukhala pampando pakhomo kulonjera odutsa.

Ndinawachonderera kuti andilole ndinene.

"Munene chiyani? Kuti chaka ndi theka ndakhala ndikubisala kumbuyo kwanu? Pano akuti ndinalakwitsa kamodzi. Mukanena adzati ndinanama tsiku lililonse. Mundivula kawiri. Zisiyeni."

Anamwalira mvula isanayambe, patangopita miyezi iwiri. Madokotala anati ndi shuga ndi mtima. Ine sindine dokotala, ndipo sindikunena kuti TV inawapha. Ndikungodziwa kuti masiku awo otsiriza anawathera pampando uja, akuyang'ana msewu umene sunkabweretsanso munthu.

Ndinalowa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi osachoka pakhomo. Mlamu wanga, mchemwali wawo wa amuna anga, anabwera kudzakhala nane. Pa sadaka ya masiku makumi anayi azibambo anakhala pamikeka panja, ine ndili m'nyumba pafupi ndi windo. Ndinamva wina akuti malemu anali katswiri, kuno konse kunalibe wofanana nawo. Wina anayankha kuti eya, koma kumapetoku anayenera kusiya msanga, si mwamva za TV ya ku Dwambazi ija. Enawo anang'ung'udza movomereza. Sanali kunena mwachipongwe. Ankanena monga mmene anthu amanenera chinthu chodziwika, chimene chidzanenedwa nthawi zonse dzina la munthuyo likatchulidwa.

Anthu atabalalika ndinawauza alamu anga zonse. Anali akupukuta mapoto, ndipo anasiya.

"Ndiye iwo anakuuzani chiyani?"

"Anati ndisanene."

"Basi. Mawu a wakufa amenewo. Mukufuna anthu azinena kuti achimwene anga ankabisala kumbuyo kwa chitenje? Mwawotcha TV, musawotchenso ndi manda omwe."

"Koma akuwanenera chinthu chimene sanachite."

"Anachisenza okha. Inu chikukulemerani chiyani?"

Miyezi yotsalayo ndinaikhala ndi funso limenelo. Tsiku lina ndinkaona kuti alamu akunena zoona. Tsiku lina ndinkalowa mushopu kukasesa, n'kuona sikopu itavundikiridwa ndi nsalu, ndipo ndinkakumbukira kuti munthu uyu zaka zonse sanaikepo kang'ona polakwika ngakhale kamodzi, ngakhale manja akunjenjemera. Kulakwitsa kumeneko kunali kwa munthu wosadziwa ntchito, ndipo ndi kumene anthu anasankha kuwakumbukira nako. Ndinkadzifunsanso ngati ndikufuna kuyeretsa iwo kapena kungodzipeputsa ndekha. Yankho lake sindinalipeze, mpaka lero.

Eda itatha ndinakwera minibasi ya kumpoto. Alamu sindinawauze kumene ndikupita. Tinadutsa minda ya nzimbe, tinadutsa Nkhunga, ndinatsika pa Dwambazi dzuwa lisanafike pamutu. Shoo ya bambo uja inali nyumba ya malata yokhala ndi mabenchi. Ndinawapeza akusesa makoko a mtedza. Pulazima ija inali pakhoma, yozimitsa.

Anandizindikira. Anaika tsache pansi, anandipepesa za maliro, anati anamva mochedwa. Anandikokera benchi.

"Ndabwera ndi mawu amodzi," ndinatero. "TV yanuyi sanawotche amuna anga. Ndinawotcha ine."

Anaseka. "Mayi, musadzivute. Zinatha zija. Mkazi aliyense amaikira kumbuyo mwamuna wake."

"Sindikuikira kumbuyo. Iwo anali kuchipinda."

"Inu? Wa mpunga?"

Ndinatukula zala ziwiri. Ndinawauza za mawaya oyenda awiriawiri, wina akakwera wina akutsika. Ndinawauza kuti makina athu amayeza mmodzi poyerekeza ndi nthaka, ndiye pamafunika tindodo tiwiri, ting'ona pa chitsulo, kenako kuchotsera. Ndinawauza pamene ine ndinaika kang'ona, ndi chifukwa chake, ndi kaphokoso kamene kanamveka. Ndisanamalize anali atasiya kuseka.

"Munayamba liti kugwira?"

"Chaka ndi theka TV yanu isanabwere."

Anawerenga pa zala. "Ndiye ampulifaya yanga ija ya chaka chatha?"

"Ndinawotcherera ndine. Iwo ankaloza."

"Mpaka pano ikulira bwino," anatero, ngati zikuwakwiyitsa. "Komabe ankatinamiza. Ife timati akugwira ndi iwo."

"Pamenepo sindikukana."

Anadzuka, anayenda mpaka kukhomo, n'kubwerera. "Ine ndinawatukwana madala aja pamaso pa anthu. Ndinawaloza manja. Iwo anangoima. Inu munali pomwepo, ndikukumbukira, munali pansi ndi mbale yanu. Bwanji simunadzuke tsiku lomwelo?"

Ndinali nditakonzekera mafunso ambiri m'minibasi, koma limeneli ayi. Ndikanatha kunena kuti anandiletsa, koma tsiku limenelo anali asanandiletse kunena za TV. Ndinangochita mantha basi. Ndinawauza choncho.

"Ndiye mukufuna ine nditani?"

"Mmene munafalitsira nkhani ija, mufalitsenso iyi."

"Yonse? Ndi za chaka ndi theka zomwe?"

"Singaduke pakati. Mukanena kuti ndinawotcha ine, afunsa kuti ndinkatani mushopu."

Anandiperekeza mpaka pamsewu. Minibasi ikubwera anati, "Ndinena. Koma musayembekeze kuti anthu aimba m'manja."

Ananenadi. Pasanathe mwezi nkhaniyo inandipeza pakhonde langa. Masiku ano palibe amene amati amuna anga anawotcha TV. Ena amati anali mwamuna weniweni, wolola kutukwanidwa m'malo mwa mkazi wake. Ena amati anali wachinyengo, ankalandira katundu wa anthu akudziwa kuti manja anatha. Mmodzi mwa anzawo a kumzikiti anandiuza m'maso kuti malemu anasankha manyazi amene akanatha kuwapirira, ine n'kuwapatsa amene ankawaopa. Akabaza akamadutsa amakuwa kuti, "Injiniya, mpunga uli bwanji lero?" Ndimawayankha mtengo wake.

Alamu anga anamva kumsika. Sanabwere kudzandifunsa, ndipo chiyambire sanapondenso pakhomo panga. Pa Idi ndinavala bwino n'kupita kukawalonjera kwawo. Anatuluka, anaima pakhomo, anayankha moni wanga mokwanira, anafunsa za thupi, inenso ndinafunsa za ana. Kenako tinangoima. Mkeka unali wotsamira khoma pafupi ndi dzanja lawo.

"Alamu," ndinatero, "ndinalakwa?"

"Anakupemphani zinthu ziwiri zokha," anatero. "Musagwire, musanene."

Ndinadikira pang'ono kuti mwina awonjezera. Mkeka sanayale. Ndinatsanzika n'kubwerera kunyumba wapansi.